Anyamata awiri a 1816: mmene Blantyre anakhalira pachibale ndi Samoa

Ukaima pabwalo la tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels ku HHI, palibe chingakukumbutse za Samoa, kadziko ka zilumba m'nyanja ya Pacific. Koma ukafukula mbiri, mizu imakakumana.

Mu 1816, bungwe la London Missionary Society linapatula anyamata angapo kuti akafalitse uthenga kutali. Pakati pawo panali John Williams ndi Robert Moffat, aliyense wa zaka 20 zokha. Williams analowera ku Pacific. Moffat anabwera ku South Africa n'kukhazikika ku Kuruman.

Moffat yemweyu ndiye anakopa David Livingstone, amene mtima wake unali ku China, kuti abwere ku Africa. Livingstone anabweradi, ndipo mu 1845 anakwatira Mary, mwana wa Moffat. Mpongozi uja akanapanda kulankhula, kaya mzinda wathu ukanatchedwa chiyani lero, pakuti a Church of Scotland atamanga mishoni m'dera la mfumu Kapeni mu 1876, anaitcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa Livingstone.

Nanga Williams? Mu 1830 anakocheza pamudzi wa Sapapali'i, pachilumba cha Savai'i ku Samoa, ndipo mfumu Malietoa Vainu'upo inamulandira. Williams anaphedwa mu 1839 pachilumba china cha Erromango, koma ku Samoa mpingo unali utamera kale.

Mmalawi wopita ku Samoa akonzeke kutopa. Kuchoka pa Chileka n'kusinthasintha ndege, kudzera ku Johannesburg ndi ku Sydney kapena Auckland, mpaka kukatera pa Faleolo, kunja kwa likulu lawo Apia. Koma akafika sachedwa kuzolowera. Anthu onse m'dzikomo ndi oposa pang'ono 200,000, osafika ndi theka lomwe la anthu a mumzinda wa Blantyre. Malo ambiri ali m'manja mwa mabanja ndi mafumu awo otchedwa matai. Lamulungu m'midzi mumati zii, aliyense ali kutchalitchi atavala zoyera, chakudya chikupsa pamiyala yamoto.

Ufulu anatitsogolera: iwo mu 1962, ife mu 1964. Galimoto anayamba kuyendetsa kumanzere ngati ife mu 2009. Ndiye mu 2011, pofuna kuti masiku awo azifanana ndi a Australia ndi New Zealand komwe amachita nako malonda, anangodumpha tsiku lathunthu. Anagona Lachinayi pa 29 Disembala, n'kudzuka Loweruka pa 31.