Koloboyi ndi Nsatsi: Mbiri ya Kuwala m'Makomboni a ku Mashonaland

Damu la Kariba litatha kumangidwa mu 1959, magetsi anafalikira pang'onopang'ono m'mafamu a fodya a ku Mvurwi, Banket, Karoi ndi Mazowe. Ankayaka kunyumba ya mwini famu, m'mapampu othirira ndi m'mashedi osankhira fodya, koma m'makomboni ambiri mawaya ankangodutsa pamwamba. Ochuluka mwa ogona m'makombonimo anali ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia; ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi.

Nyali yawo inali koloboyi: kabotolo kapena kachitini koboola pachivundikiro, chingwe chopota ndi nsanza ya thonje, ndi parafini wa kusitolo ya pafamu, amene kawirikawiri ankatengedwa pa ngongole yodula kumalipiro. Motero kuwala kwa m'nyumba kunkadalira ntchito.

Ubale umenewu unaduka mu 2000. Dziko linali kale pa vuto la kusowa kwa mafuta pamene kulanda mafamu kunayamba. Mwa antchito oposa 300,000 a m'mafamu aakulu, ambiri anataya ntchito. Sitolo zinatsekedwa, ndipo ena anathamangitsidwa m'makomboni. Mu 2005 chipasupasu cha Murambatsvina chinagwetsa nyumba za ku Porta Farm, pafupi ndi Norton, kumene kunkakhala anthu ambiri amene kale ankagwira ntchito m'mafamu. Pofika July 2008, boma lenilenilo linati mitengo ikukwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Parafini ndi kandulo zinasanduka zinthu za apatali.

Nzeru yoyamba inali kusunga. Nsima inkaphikidwa dzuwa lisanalowe. Chingwe cha koloboyi ankachifupikitsa, pakuti lawi lalitali limamwa mafuta ndi kudetsa nyumba ndi mwaye. Nyali inkayatsidwa pa zofunika zokha: wodwala, mayi wobereka, mwana woyandikira mayeso. Machesi akasowa, chikuni chinkakwiriridwa m'phulusa kuti chigone ndi moto, ndipo mwambo wakale wokapala moto kwa mnansi unabwerera.

Nzeru yachiwiri inali kupanga. Nkhalamba zinakumbukira nsatsi, mbewu yomera yokha m'mabwinja ndi m'mphepete mwa minda, imene pafupifupi theka la njere yake ndi mafuta. Njere zosenda zikatungidwa pakamtengo kowonda kapena pawaya, yapamwamba ikayatsidwa imapatsira inzake, ndipo zimayaka ngati kandulo. Njerezi zili ndi poizoni, choncho zinkasungidwa kutali ndi ana. Panja, muuni wa udzu unkaunikira njira ya kuchimbudzi ndi ya kumaliro.

Njira zina zinali ndi mtengo wake. Dizilo amayaka m'koloboyi, koma utsi wake umaputa chifuwa. Timizere ta matayala n'toipa koposa. Petulo amaphulika, ndipo m'zisakasa za udzu ndi mapulasitiki lawi limodzi likhoza kupsereza zonse zimene banja linapulumuka nazo.

Ndalama ya America itayamba kugwira ntchito mu 2009, matochi otsika mtengo a ku China ndi timasola tating'ono zinadzaza m'misika, koloboyi n'kuyamba kuikidwa pambali. Koma mu 2019 madzi a mu Kariba atatsika chifukwa cha chilala, ZESA inkazimitsa magetsi mpaka maola 18 patsiku, ndipo anthu a ku Harare anayamba kuphika dzuwa lili m'mwamba, kuwerenga makandulo ndi kusunga mabatire. Zimenezi ana ndi zidzukulu za amatchona a m'makomboni anali atazizolowera kwa zaka pafupifupi 60 pansi pa mawaya omwewo.