Nyumba Yomangira Mlendo: Makomboni a Tiyi ku Chipinge ndi ku Honde

Tiyi woyamba m'dziko la Zimbabwe anabzalidwa mu 1924 pa esiteti ya New Year's Gift ku Chipinge, pomwe panayambira kampani ya Tanganda. M'zaka za m'ma 1950 mbewuyi inafika m'chigwa cha Honde, ku Aberfoyle ndi ku Eastern Highlands. Ambiri mwa othyola masamba anali ochokera ku Mozambique, ena ku Nyasaland.

Kamangidwe ka komboni kankaulula maganizo a mwini munda. Zipinda zinandandalikidwa m'mizere, mpopi ndi chimbudzi zili zogawana, chifukwa womangiridwayo anali mwamuna wobwera yekha, woti pangano likatha abwerere kwawo. Koma iye sanabwerere. Anakwatira, ana anabadwa, ndipo banja linawonjezera lokha zimene pulani inaiwala: kakhitchini kaudzu kuseri, kadimba ka mpiru m'mbali. Ndikuona kuti amisiri enieni a makomboniwa anali amayi amene anakulitsa chipinda chimodzi mpaka kukhala khomo la banja.

Chimene sanathe kusintha n'chakuti nyumba ndi ya kampani. Ntchito ikatha, kiyi amabwezedwa. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ana ambiri a anthu obwerawa alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a 2013 anawabwezera unzika, koma chitupa sichibwera ndi malo.

Lero ku Chipinge makadamiya ndi mapeyala akubzalidwa pambali pa tiyi. Wofuna kukonzanso makomboni angayambe ndi malata atsopano, komabe gogo wopuma pantchito, amene sanaonepo mudzi wa bambo ake ku Malawi, akufuna puloti yolembedwa m'dzina lake, kaya ku Hauna kaya m'tauni ya Chipinge.