Mbiri ya Zovala za Wokwera Njinga Yamoto

Munthu amene anaimapo pa Bembeke m'mamawa wa mwezi wa Juni, pamene nkhungu yakuta phiri la Dedza ndipo mphepo ya mwera ikulowa mpaka m'mafupa, akudziwa kuti anyamata a kabaza a kuno safuna wowauza kuti avale jekete, pakuti chisanu chimawalamula chokha. Komatu chovala chothawira chisanu ndi chovala chotchinjiriza thupi pa tsiku la kugwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chachiwirichi chili ndi mbiri yake yaitali, imene inalembedwa pang'onopang'ono ndi mwazi wa anthu ambiri m'mabwalo a mpikisano a kutsidya la nyanja.

Pamene Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach anamangirira injini pa njinga yamatabwa ku Germany m'chaka cha 1885, panalibe munthu amene analingalira za chovala cha wokwerapo, ndipo kwa zaka zambiri amuna anakwera atavala monga okwera pa akavalo: malaya aubweya, chipewa chansalu ndi majombo. Mpikisano ndiwo unatsegula anthu maso. M'chaka cha 1907 ku England kunatsegulidwa bwalo la Brooklands, ndipo chaka chomwecho unayamba mpikisano wa TT pa chilumba cha Isle of Man. Dokotala wa pa Brooklands, Eric Gardner, atatopa ndi kuona anyamata akubwera nawo atavulala m'mutu, anapangitsa zisoti za nsalu yolimba yopakidwa utomoni, ndipo mu 1914 opikisana pa chilumba chija analamulidwa kuvala zisoti, ngakhale kuti ambiri anazilandira monyinyirika.

Koma za m'bwalo zinatsalira m'bwalo, kufikira imfa ya munthu wotchuka inagwedeza dziko. Mu Meyi 1935, T. E. Lawrence, msilikali uja anatchuka pa nkhondo ya ku Arabia, anali pa njinga yake ya Brough Superior pafupi ndi kwawo ku Dorset, nakumana mwadzidzidzi ndi anyamata awiri opalasa njinga. Powalewa anagwa, mutu uli pamtunda, ndipo atagona chikomokere masiku asanu ndi limodzi anatsikira kuli chete. Mmodzi wa madokotala amene anaima pambali pa kama wake anali Hugh Cairns, katswiri wa matenda a ubongo wobadwira ku Australia, ndipo imfa imeneyi inamkhala mumtima. Nkhondo yachiwiri itabuka, iye anayamba kuwerenga asilikali onyamula mauthenga pa njinga zamoto amene ankafera m'misewu ya kwawo komwe, asanaone n'komwe nkhope ya mdani. Analemba zimene anapeza mu 1941, ndipo chaka chomwecho gulu lankhondo la Britain linalamula kuti wokwera aliyense avale chisoti. Ine ndimamlemekeza munthu ameneyu koposa akatswiri onse a liwiro, chifukwa sanalire maliro n'kubwerera kunyumba, koma anafunsa chimene chikanaletsa malirowo.

Chikopa chinadzera njira ina. Mu 1928 Irving Schott wa ku New York anasoka jekete yachikopa yotseka ndi zipi, naitcha Perfecto. Ndipo cha mu 1950 Geoff Duke, amene pambuyo pake anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi, anapita kwa telala wa kwawo ku St Helens, dzina lake Frank Barker, kuti amsokere malaya ndi buluku zolumikizana, chovala chimodzi chogwira thupi. Chimene Duke ankafuna ndi chakuti mphepo isamgwire malaya ndi kumchedwetsa, koma posakhalitsa anthu anaona phindu lina loposa: chovala chopanda mpata m'chiuno sichifunyulika munthu akamakhukhuluzika pa phula, ndipo chikopa cha ng'ombe chimayamba chaperepeseka chokha khungu la mwini wake lisanakhudzidwe, pamene nsalu wamba imang'ambika m'kuphethira kwa diso. M'masiku a chitaganya, pamene abale athu ambiri anali pa ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, dziko la Southern Rhodesia linatulutsa akatswiri ovala zikopa zakuda zoterezi, Gary Hocking amene anapambana dziko lonse mu 1961, ndi Jim Redman amene anatenga ulemuwo kasanu ndi kamodzi. Koma chikopa chokha sichinakwanire kutchinga imfa: Ray Amm wa ku Salisbury anafera pa bwalo la Imola mu 1955.

Choperewera chinali chinthu chomeza mphamvu ya kugunda. Mu 1953 C. F. Lombard wa ku University of Southern California analembetsa chisoti chokhala ndi chofewa m'kati, chimene chimaphwanyika chokha kuti ubongo usagwedezeke m'chigaza. Kampani ya Bell inadza ndi chisoti chophimba nkhope yonse ndi chibwano kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ndipo maboma anatsatira ndi malamulo, chigawo cha Victoria ku Australia mu 1961, Britain mu 1973. Ku Italy, kampani imene Lino Dainese anayambitsa mu 1972 inapangira katswiri wa mpikisano Barry Sheene chotetezera msana, kenaka kunadza zotchinga mawondo, zigongono ndi mapewa, ndi chikopa cha kangaroo chimene n'chopepuka koma cholimba. Ndipo kuyambira 2018 wopikisana mu MotoGP saloledwa kulowa m'bwalo popanda thumba la mpweya m'kati mwa chovala, limene limafufuma lokha munthu asanafike pansi.

Kuno kwathu mthuthuthu unafika ndi amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda, amene chipewa chawo chinali chothawira dzuwa. Pambuyo pa ufulu unakhala miyendo ya alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, oyenda m'njira za ku Lobi, ku Mayani ndi ku Kasumbu. Nzeru za m'bwalo la mpikisano zinatipeza mwa njira yodabwitsa: bungwe la Riders for Health, limene njinga zake zimanyamula magazi okayezedwa kuchokera m'zipatala zazing'ono za m'midzi, linayambitsidwa ndi Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi Randy Mamola, katswiri wa mpikisano, ndipo okwera ake amayenda atavala kuyambira kumutu kufikira kuphazi. Koma chigumula chenicheni chinadza m'zaka za m'ma 2010, pamene njinga zotsika mtengo za ku China ndi ku India, zambiri zolowera m'malire a Mozambique amene msewu wa M1 umayenda nawo limodzi pakati pa Dedza ndi Ntcheu, zinasandutsa kabaza wopalasa kukhala kabaza wamoto. Walira mvula walira matope: mayi wodwala tsopano afika msanga kuchipatala ndipo thumba la kachewere lifika pa msika dzuwa lisanakwere, koma zipinda za othyoka mafupa pa chipatala cha Kamuzu Central zadzaza ndi anyamata, ngakhale lamulo la pamsewu likunena poyera kuti woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe avale chisoti.

Tsono ku Dedza kulibe bwalo longa Kyalami wa ku South Africa, ndipo mwina wina angati zovala za opikisana sizitikhudza. Koma taonani: wogwa m'bwalo agwera pa malo osalazidwa, opanda ngolo, mbuzi kapena lole yochokera kutsogolo, dokotala ali chire pafupi, pamene wotsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, atasenza mtolo ndi munthu kumbuyo, ali ndi miyala kudzanja lino ndi phompho kudzanja linalo. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo akafukufuku anapeza kuti chisoti chabwino chimachepetsa imfa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100, ndi kuvulala kwa m'mutu ndi magawo pafupifupi 70 pa 100.

Wosankha chisoti ayang'ane chizindikiro cha ECE kapena DOT, achiyese kuti chikugwira mutu wonse osagwedera, ndipo amange lamba pansi pa chibwano, pakuti chosamanga chimauluka mwini wake asanagunde pansi; chipewa cha amisiri omanga nyumba chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera kumwamba, sichingathandize pamsewu. Chisoti chimene chinagundapo kale chatha ntchito yake ngakhale kunja chikuwala, chifukwa chofewa cha m'kati chimaphwanyika kamodzi kokha, n'chifukwa chake cha pa kaunjika ndimachiopa. Jekete yachikopa ya pa kaunjika ndiyo ingagulidwe, ikakhala yochindikala kupitirira milimita imodzi, ya misoko yobwereza ndi zipi wolimba, yothina bwino kuti zotchinga zigongono zisasunthe. Zachikopa zopyapyala zotchenera ku ukwati zisiyidwe. Magolovesi asaiwalike, popeza munthu akamagwa amatsogoza zikhatho, ndipo m'malo mwa patapata pakhale jombo yokwirira akakolo, imene pa msika wa Lizulu kapena wa Chimbiya munthu wofufuza modekha angaipeze pa mtengo wochepera kutali ndi wa ulendo umodzi wa galimoto yaganyu yomutengera ku Lilongwe atathyoka mwendo.