GTK: chithunzi cholondola kapena chachangu?

Mabatani, mawindo ndi timabokosi tolembamo timene timaoneka pa sikirini ya kompyuta sizijambulidwa mwatsopano ndi aliyense wopanga pulogalamu. Opanga mapulogalamu amazitenga m'nkhokwe ya zipangizo zokonzedwa kale, yomwe akatswiri amaitcha toolkit. Imodzi mwa nkhokwe zodziwika kwambiri ndi GTK, yomwe ndi maziko a GNOME, maonekedwe amene makompyuta ambiri a Linux amagwiritsa ntchito.

GTK inabadwira mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, imene Spencer Kimball ndi Peter Mattis anaiyamba akuphunzira pa University of California, Berkeley. GTK 1.0 inatuluka mu 1998, GTK 3 mu 2011, ndipo GTK 4 inatuluka mu Disembala 2020.

Ntchito ya nkhokwe yotere imapanikizidwa ndi nthawi. Sikirini wamba imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti pulogalamu ili ndi mamilisekondi osakwana 17 oti iwerengere malo a chinthu chilichonse n'kuchijambula. Ikachedwa, munthu amaona zinthu zikuyenda modukizadukiza. N'chifukwa chake GTK 4 inasamutsira ntchito yaikulu yojambula ku GPU, kachipangizo kapadera koona za zithunzi, kudzera mu gawo lake lotchedwa GSK.

Apa ndiye pagona nkhani. Njira yachangu yojambulira nthawi zambiri imakhala yachidule, ndipo chidule chimasiya zina. Chojambulira chakale cha GTK 4, chodalira OpenGL, chinakonzedwa kuti chithamange, koma chinkavutika ndi mizere yogwera pakati pa timadontho tiwiri ta sikirini. Vutoli limaonekera kwambiri munthu akakulitsa zinthu pa sikirini ndi mlingo ngati 125 kapena 150 peresenti: mzere wopyapyala umatha kunenepa, kuzimiririka kapena kusuntha pang'ono.

Mu GTK 4.14, yomwe inatuluka mu Malichi 2024, munalowa zojambulira ziwiri zatsopano zochokera pa tsinde limodzi, china cha OpenGL, china cha Vulkan. Ntchito yaikulu anaigwira ndi Benjamin Otte. Chochititsa chidwi n'chakuti akatswiri a GTK sanabise kuti zatsopanozi sizinali zachangu kuposa chakale pa nthawiyo. Anasankha kuyamba ndi kulondola, liwiro n'kudzalisaka pambuyo. Chiganizochi chinali chanzeru, pakuti chinthu cholondola ukhoza kuchifulumizitsa uku ukuyesa ngati sichinasokonekere, pamene chachangu koma cholakwika chilibe muyeso woti uchiyerekeze nacho.

Kuyesa kulondola kuli ndi njira zake zokhazikika. Ina ndi yopatsa chojambulira chilichonse malangizo ofanana, kenaka n'kuyerekeza chithunzi chotulukacho ndi chithunzi chosungidwa, kadontho ndi kadontho. Ina, yotchedwa reftest, imajambula chinthu chimodzi m'njira ziwiri zosiyana zomwe zikuyenera kubala zofanana. Zikasiyana, ndiye kuti penapake palakwika. Mayesowa amachitika okha munthu akangopereka kusintha kwina kulikonse.

Koma nawonso ali ndi polekezera. Ma GPU a Intel, AMD ndi Nvidia sawerengera mofanana ndendende, motero kadontho kamodzi kakhoza kusiyana mtundu pang'ono popanda cholakwika chenicheni. Mayeso akakhwima kwambiri amakuwa popanda fisi, ndipo anthu amayamba kuwanyalanyaza. Akafewa, zolakwika zimadutsa. Kuonjezera apo, makompyuta oyesera nthawi zambiri alibe GPU yeniyeni, choncho amagwiritsa ntchito pulogalamu yoyerekezera monga llvmpipe ya Mesa. Imeneyi ingakuuze ngati chithunzi chili bwino, koma siingakuuze mmene chidzathamangire pa laputopu ya zaka khumi.

Liwiro ndiye lovuta kuliyesa. Zotsatira zimasintha malinga ndi kutentha kwa makina, mphamvu ya batire ndi mapulogalamu ena amene akugwira ntchito nthawi yomweyo. Zoona zake zambiri zimadziwika pulogalamu ikafika m'manja mwa anthu. GTK 4.14 itatuluka, ena okhala ndi makina akale anadandaula za zithunzi zosokonekera, ndipo pothawira pawo panali GSK_RENDERER, lamulo limene limalola munthu kusankha yekha chojambulira.

Kusunga zojambulira zambiri nakonso kuli ndi mtengo, chifukwa chilichonse chimafuna kuyesedwa ndi kukonzedwa pachokha. Mu GTK 4.16, Vulkan inakhala yoyamba kusankhidwa pa makina ogwiritsa ntchito Wayland, ndipo mu 4.18, ya mu 2025, chojambulira chakale cha OpenGL chinachotsedwa. Chojambulira cha Cairo, chomwe sichifuna GPU, chinatsala ngati pogwira makina akalephera zonse: n'chochedwa, koma chimajambula pa kompyuta iliyonse.