Kutseka Nambala za Akuba a pa Lamya

Akuba a pa lamya amaimba ponamizira kuti ndi ogwira ntchito ku Airtel Money, TNM Mpamba, kubanki kapena m'boma. Kawirikawiri amasaka alimi amene angogulitsa fodya, soya kapena mtedza, komanso amalonda osunga mpamba wawo m'foni. Ena amati munthu wapata mphotho, ena amati atumiza ndalama molakwika ndipo zibwezedwe msanga. Chimene amafuna kwenikweni ndi ndalama kapena nambala yachinsinsi, imene kampani kapena ofesi yoona siifunsa pa lamya.

Nambala yotere ingathe kutsekedwa. Pa foni ya Android, mwini wake atsegule mndandanda wa amene aimba, adinikize nambalayo kwa kanthawi, kenaka asankhe Block. Pa mafoni ambiri a mabatani, monga a itel, malo ake amatchedwa Blacklist. Nambala yachilendo yakunja, yosayamba ndi +265, ikangoliza kamodzi n'kudula, isaimbiridwenso, chifukwa kutero kumadya mayunitsi.

Komabe kutseka pakokha sikukwanira, pakuti wakuba amangosintha simukhadi. Nambalayo iyambe yalembedwa pambali, uthenga wake usafufutidwe, ndipo nkhaniyo ikanenedwe ku kampani ya lamya, kupolisi kapena ku bungwe la MACRA. Simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, choncho nambala ndi poyambira kufufuza.

Pakhomo pamene foni ndi imodzi, ana ndi agogo omwe adziwitsidwe zimenezi, popeza wakuba amalankhula ndi aliyense amene wayankha.