Mafunso Amene Mphunzitsi wa Chingerezi Sayenera Kuwazemba

M'sukulu zozungulira minda ya tiyi ku Thyolo, kufupi ndi Satemwa, Conforzi kapena Naming'omba, mwana amayamba Chingerezi ali kale ndi Chichewa pakamwa, wina ndi Chilhomwe cha agogo ake. Mafunso ake amachokera m'zilankhulo zimenezi, ndipo yankho loti "ndi mmene Chingerezi chilili" ndi kumuthamangitsa chabe. Komatu mwana ameneyu sadzapeza satifiketi ya MSCE akadzalephera Chingerezi.

Galamala yathu ili ndi mawu ake: dzina, mneni, mlowam'malo, mfotokozi, muonjezi, mperekezi. Mphunzitsi wowasiya pakhomo la kalasi wapita kumunda wopanda khasu.

Tengani mlowam'malo. Mwana akweza dzanja: "Aphunzitsi, a hedi ndi galu onse ndi 'you'?" Akufunsa za ulemu, chifukwa kwawo "iwe" wopita kwa munthu wamkulu ndi chipongwe. Yankho lilipo: Chingerezi chinali ndi "iwe" wake, "thou", amene anazilala m'zaka za m'ma 1600, ndiye ulemu umanyamulidwa ndi mawu ngati "please" ndi "could". Za "he" ndi "she", pamene ife tili ndi "iye" mmodzi, n'zongofunika kuzolowera.

Povuta kwambiri ndi pa "a" ndi "the", timawu tomwe Chichewa chilibe. N'chifukwa chiyani timati "a leaf" koma osati "a tea"? Apa ndimaona kuti mwana wa mayi wothyola tiyi ali patsogolo pa buku. Amadziwa kuti pothyola munthu amawerenga, masamba awiri ndi kansonga, koma dengu likafika pasikelo palibenso wowerenga masamba, zimangokhala makilogalamu. Maganizo a mayina owerengeka ndi osawerengeka ndi omwewo. Akamva zimenezi, saiwalanso chifukwa chake shuga, mchere ndi ufa zimakana "a".

Palinso "inde". Mukamufunsa "Haven't you eaten?", mwana wanjala amati "Yes", kutanthauza "Inde, sindinadye". Sanasokonezeke mutu ayi. "Inde" wathu amavomereza mawu a wofunsayo, pomwe "yes" amatsimikiza kuti kudya kwachitika. Ophunzira a ku Japan amagwa m'mbuna yomweyi chifukwa "hai" wawo amayenda ngati "inde" wathu. Nawonso alibe "a" ndi "the", ndipo amadabwa kuti "brother" satchula kuti wamkulu ndani, wamng'ono ndani.

Timafanana nawonso pa l ndi r. M'Chichewa malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake "pray" ndi "play" zimamveka chimodzimodzi m'khutu mwa mwana. Kumukalipira sikuthandiza. Afunika kuonetsedwa pamene lilime likukhala: pa l nsonga yake imakhudza nkhama kuseri kwa mano akumwamba, pa r imapindikira m'mbuyo osakhudza paliponse.