Mpope wa mfuti umagwedezeka chipolopolo chisanatuluke

Kwa zaka mazanamazana, msilikali akaphonya chandamale mlandu unkagwera dzanja lake, onga wonyowa kapena mphepo. Mpope wachitsulowo palibe ankaukayikira. Ngakhale Benjamin Robins wa ku England, yemwe anayeza liwiro la chipolopolo n'kulemba buku mu 1742, maso ake anali pa ulendo wa chipolopolocho chikatuluka. Mfuti za nthawiyo zinkamwaza kwambiri, motero vuto laling'ono la kugwedezeka kwa mpope linkabisala m'mavuto aakulu.

Zinthu zinasintha Paul Vieille wa ku France atapanga onga wopanda utsi mu 1884. Mfuti zinayamba kuponya patali ndi molunjika, ndipo zachilendo zinaonekera. Kungoika beneti kunsonga, zipolopolo zinkagwera pena. Asilikali a ku Russia sanavutike n'kufunsa chifukwa. Mfuti zawo za Mosin-Nagant ankangozichuna beneti ili pomwepo.

Ofunsa anapezeka ku Germany. Pakati pa 1899 ndi 1901, Carl Cranz ndi K. R. Koch anajambula mpope mfuti ikulira, ndipo mu 1901 Arnulph Mallock anafotokoza masamu ake ku Royal Society ya ku London. Zinadziwika kuti nsonga imayamba kuyenda chipolopolo chikadali m'kati.

Chimachititsa n'chiyani? Onga ukayaka, mpweya wake umakankha chipolopolo kutsogolo, mfuti n'kubwerera kumbuyo. Koma mpope uli pamwamba, pomwe kulemera kwa mfuti ndi pokhazikika paphewa zili m'munsi. Ndiye mfutiyo imafuna kudzuka, tsinde la mpope limayamba, nsonga n'kutsatira mochedwa, monga chimachitira chikwapu. Pamenepo wonjezerani mizere yozungulira ya m'kati mwa mpope: ikamapota chipolopolo, nachonso chimapota mpopewo mobweza. Kachitsulo komenya kumbuyo kwa chipolopolo nakonso kamagwedeza. M'chitsulo mafunde amathamanga pafupifupi mamita 5,000 pa sekondi, choncho amapita kunsonga n'kubwerako kangapo chipolopolo chisanaone kunja.

Chokoma pankhaniyi anachiona akatswiri a mpikisano woombera mfuti ku Bisley, ku England, ndi mfuti ya Lee-Enfield, yomwenso asilikali athu a Keyala ananyamula. Chipolopolo chofookerapo chimachedwa kutuluka. Ngati nsonga ikukwera panthawiyo, chimaponyedwa m'mwamba pang'ono, ndipo patali chimakagwera pamodzi ndi champhamvu. Apa kugwedezeka kunasanduka mnzawo wa woombera, ngakhale opanga mfutiyo sanalinge zimenezo.

Nkhondo yachiwiri itatha, njira yotchuka inakhala yousiya mpope kuti usakhudze mtengo wa mfuti, poti mtengo umafufuma ndi chinyezi n'kumaukankha mosiyanasiyana. Mpaka lero mwini mfuti amalowetsa kapepala pansi pa mpope. Kakatsetsereka osakodwa mpaka kutsinde, ndiye kuti zili bwino. M'ma 1990 kampani ya Browning inatulutsa BOSS, kachitsulo kolemera kopotera kunsonga kuti munthu azichuna yekha kagwedezekedwe. Mu 1998 Harold Vaughn, injiniya wa ku America, anasonyeza ndi zida zoyezera kuti gwero lalikulu lili pomwe chitsulo chimatsamira mtengo mfuti ikamabwerera.

Ine ndimaona kuti a ku Bisley ndiwo anagwira mfundo. Mpope wonenepa umachepetsa kugwedezekako, koma palibe anakuthetsa. Mfuti yabwino ndi imene imagwedezeka mofanana nthawi iliyonse ikalira.